Ulendo wa wosauka m'chigawo cha Tete: mafunso ndi mayankho

Kwathu ku Angónia, ku Mozambique kuno, munthu akanena kuti mawa apita ku Tete, sitiyamba n'kumufunsa chimene akukachita. Timayamba n'kumufunsa kuti ya shapa waipeza kuti. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera anthu akakhala pansi n'kumadandaula za mayendedwe, kaya ndi pa siteji, pa maliro kapena pa mzere wa kuchipatala. Ena ndawayankha mwachidule, ena ndatalikitsa dala, ndipo pomwe ndaika maganizo anga mudzapaona nokha.

Kodi anthu wamba amayenda pa chiyani m'chigawo chino?

Choyamba ndi shapa. Pa Chipwitikizi amalemba chapa, koma musaganize za kuchapa zovala. Dzinali linachokera ku Maputo, kumene kale ankati chapa cem chifukwa ulendo unali wa mametikali akale 100. Ndi minibasi yomwe ija abale athu a ku Malawi amaidziwa, kawirikawiri Toyota Hiace ya mipando 15, ngakhale kobradolo, wotolera ndalama uja, amadziwa kukhazika anthu anayi pa mzere wa atatu, iye mwini ataweramira pakhomo.

Shapa imathera pomwe pathera msewu wabwino. Kupitirira apo ntchito imatsala kwa mapikapu ndi timalole totsegula kumbuyo, momwe munthu, thumba la feteleza, mbuzi ndi malata zimakwera pamodzi. Kenako njinga zamoto, zimene ambiri amangoti mota, njinga zakapalasa, ndi ngolo, makamaka kumapiri a Angónia ndi Tsangano komwe ng'ombe zilipo. Mumzinda wa Tete muli chopela, kanjinga ka matayala atatu kaja. Pa nyanja ya Cahora Bassa ndi pa Zambezi pamayenda maboti ndi mabwato. Sitima ya anthu ya CFM, kampani ya boma ya njanji, imachoka ku Moatize kulowera ku Beira kudzera ku Dôa ndi Mutarara.

Mukaziona bwino zonsezi, kupatula sitima ndi mabasi ochepa a m'tauni, ndi za anthu amalonda. Mwini galimoto amaitumiza komwe ikabwere ndi ndalama madzulo. Mudzi wopanda msika, wa anthu oyenda kamodzi pamwezi, palibe amaukumbuka.

Mtengo wa shapa ndi umodzi kwa aliyense. Nanga bwanji mukuti wosauka ndiye amavutika kwambiri?

Mtengo ndi umodzi, matumba ndiwo osiyana. Mphunzitsi kapena namwino amalandira mwezi ndi mwezi. Mlimi wa chimanga ndalama amaigwira kamodzi pachaka, akakolola, ndipo ikatha ulendo uliwonse umafuna kugulitsa kanthu: nkhuku, ndowa ya chimanga cha m'nkhokwe, pena mbuzi imene amasungira tsiku la tsoka.

Komanso kunena kuti mtengo ndi umodzi n'kunamizana. Wokhala m'mbali mwa tara amalipira kamodzi. Wokhala makilomita 20 kuchokera pa tara amayamba walipira mota kuti imufikitse pamsewu, ndipo kamtunda kameneka nthawi zambiri ndiko kopweteka, chifukwa pa mota palibe wogawana naye mtengo wa mafuta. Akafika pamsewu alipire shapa, alipirenso thumba lake. Pobwerera chimodzimodzi. Osauka ambiri amakhala kutaliko, ndiye amene alibe ndi amene amalipira kanayi.

Pali nthawinso. Shapa sinyamuka isanadzaze. Ukhoza kukhala m'galimoto kuyambira mamawa mpaka dzuwa lifike paliwombo, injini ikulira mwachinyengo, dalaivala akusunthasuntha kuti uone ngati akunyamuka. Tsiku limenelo ganyu palibe, kumunda sikunapalidwe. Ukachedwa ku ofesi imene umapita, ugone komweko, udye komweko, ndalama yake yomweyo.

Chimene chimandipweteka ine ndi mmene miyezi imagwera. Januwale, Febuluwale ndi Malichi ndi miyezi ya njala, ya zokolola itatha. Ndi miyezi yomweyo ya malungo ndi kutsegula m'mimba. Ndi yomweyonso imene mitsinje imadzaza, misewu ya dothi n'kusanduka phala, magalimoto n'kusiya kubwera, wamota n'kukweza mtengo. Ulendo umafunika kwambiri pa nthawi imene wadula kwambiri, munthu m'thumba mulibiretu.

Koma chigawo chino chili ndi misewu ikuluikulu ya tara. Vuto lili pati?

Ilipodi, ndipo ndi yotchuka. N7 imachokera ku Manica kudzera ku Changara, Tete ndi Moatize mpaka ku Zóbuè, pachipata cholowera ku Mwanza. N8 imapatuka pa Changara kupita ku Cuchamano, malire a Zimbabwe. N9 imakwera kumpoto mpaka ku Cassacatiza, malire a Zambia. N304 imapatuka pa Mussacama n'kudutsa ku Ulónguè mpaka ku Calómuè, pafupi ndi Dedza. Pa Zambezi pali mlatho wa Samora Machel wa m'zaka za m'ma 1970, ndi wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014 kuti malole olemera asamadutse pakati pa mzinda.

Tsono onani komwe yonseyi ikuloza. Uliwonse ukuthera pa chipata cha dziko lina. Ndi misewu yodutsira katundu wa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Njanji nazo chimodzimodzi: ya Sena imatsitsa malasha a ku Moatize kupita ku Beira, ya Nacala imawadutsitsa m'Malawi kukafika kunyanja, ulendo wonse makilomita 912. Magetsi a Cahora Bassa amayenda pa nthambo mpaka ku South Africa. Malasha, magetsi ndi makontena chigawo chino chimadziwa kuyendetsa. Mayi wa ku Chifunde wobereka mwana wodwala ndiye sichinamupezerebe njira.

Tete ndi wamkulu, pafupifupi masikweya kilomita 100,000, kutsala pang'ono kufanana ndi Malawi yense. Kalembera wa 2017 anapeza anthu oposa 2.6 miliyoni, ambiri a iwo akumudzi. Misewu yowerengeka ya tara pa dziko lotere ili ngati mizere inayi m'munda wonse. Taganizani za Zumbo, kumadzulo kwenikweni, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi. Msewu wochokera ku Bene kudzera ku Fingoè ndi wa dothi, m'dzinja umavuta zedi, moti ena amasankha boti la pa nyanja, ena amazungulira m'Zambia kuti akafike m'dziko lawo lomwe.

Kuchipatala cha boma timalipira zochepa kwambiri. Ulendo ukulowapo bwanji?

Zoona, kuonana ndi dokotala ndi metikali 1, mankhwala mametikali 5. Ndalama yeniyeni ya chipatala imathera panjira.

Matenda ang'onoang'ono amathera pa chipatala chaching'ono chapafupi, kapena kwa wothandiza za umoyo wa m'mudzi, uja timati APE. Zikavuta amakutumizani ku chipatala chokulirapo, monga cha ku Ulónguè, Songo kapena Mutarara. Zikavutanso, ku chipatala cha chigawo mumzinda wa Tete, makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulónguè. Ambulansi ikapezeka imanyamula wodwala popita. Pobwera mudzionera nokha. Wodikirira wodwala naye afunika ya ulendo ndi ya chakudya, ndipo kumudzi wasiya ana ndi munda.

Ndiye anthu amazengereza, osati chifukwa cha umbuli ayi. Amawerengera. Mwana akatentha thupi Lachiwiri, makolo amati tione mawa, Lachinayi kubwera galimoto ya tsiku la msika. Malungo a mwana sadziwa tsiku la msika.

Azakhali anga matenda a uchembere anawayamba usiku mvula ikugwa. Amuna awo anamanga ng'ombe pa ngolo, amayi awiri n'kukwera nawo, wina atagwira tochi. Pamtsinje anapeza madzi adzaza, ng'ombe zikukana kulowa, ndipo anadikira mpaka kum'mawa kutayera. Mwana anabadwira m'ngolo momwemo. Lero ndi mnyamata wamkulu, timamuseka kuti ndi mwana wa ng'ombe. Timaseka poti zinatha bwino, koma anthu a m'mudzi mwathu akhoza kukuwerengerani amayi amene zawo sizinathe choncho. N'chifukwa chake nyumba zodikirira za amayi oyembekezera, zija zimamangidwa pafupi ndi zipatala, ine ndimaziika m'nkhani ya mayendedwe. Mayi amapita masiku akadalipo, mtsinje ukadawolokeka. Chovuta n'chakuti chakudya cha masabata amenewo nthawi zambiri achoke nacho kunyumba.

Palinso china chimene sitikonda kuchinena. Kunyamula maliro n'kodula kuposa kunyamula wamoyo. Mabanja ena akaona kuti wodwala wafooka kwambiri amapempha kumutulutsa m'chipatala akadapuma, kuti akwere shapa ngati munthu wina aliyense.

Ndinamva kuti magulu otengerana ma ARV anayambira ku Tete kuno chifukwa cha vuto la ulendo. N'zoona?

N'zoona, ndipo n'zoyenera kuzinyadira. Mu 2008 a zaumoyo a chigawo chino pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anaona kuti anthu ambiri akusiya mankhwala, osati chifukwa chosawafuna, koma chifukwa ulendo wa mwezi ndi mwezi unkawamaliza. Odwala okhala moyandikana anayamba kupanga magulu a anthu osapitirira 6. Mwezi uliwonse mmodzi amapita kukatengera onse, iye n'kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo. Mwezi wotsatira apite wina. M'malo mwa maulendo 12 pachaka munthu amayenda awiri, ndipo ya shapa amatha kusonkherana. Unduna wa zaumoyo unaitenga njirayi n'kuifalitsa m'dziko lonse pa dzina la GAAC, mayiko ena oyandikana nafe n'kutengera. Masiku ano ambiri amalandiranso mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi, pa chifukwa chomwecho.

Pamenepa sipanamangidwe msewu, sipanagulidwe basi. Anangochepetsa maulendo amene wosauka ayenera kuyenda.

Nanga ana asukulu?

Pulayimale zilipo m'midzi yambiri, mwana amayenda wapansi. Zimasintha akamaliza kalasi 6. Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 inasamukira ku sekondale. Sukulu zina za pulayimale zinakwezedwa kuti ziziphunzitsa makalasi amenewa, koma si paliponse, ndipo sekondale zambiri zili pa boma kapena pa malo akuluakulu a malonda. Mwana wa zaka 12 amene dzulo ankayenda mphindi zochepa, lero ayende maola, kapena makolo amugulire njinga, kapena amupezere kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu azidziphikira yekha.

Banja la ana ambiri, njinga imodzi, mukudziwa amene amapatsidwa. Mtsikana amatsala, kapena amapita wapansi n'kumabwera kutada, makolo mitima ili m'mwamba. Panjira pali wamota amene amati kwera ulere, ndipo ulere wa mtundu umenewu sukhalitsa. Lamulo loletsa maukwati a ana linakhazikitsidwa mu 2019, koma mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha mtunda ndiye amayamba kufunsiridwa.

N'chifukwa chiyani alimi a ku Angónia ndi Tsangano amagulitsa motchipa, pomwe mbatatesi yomweyo ku Tete ndi yodula?

Chifukwa wotchula mtengo ndi amene ali ndi galimoto. Mapiri athu amabereka: mbatatesi, nyemba, soya, kabichi, tomato, chimanga, ku Tsangano ngakhale tirigu. Koma tomato sadikira. Venda akafika ndi lole pamunda amadziwa kuti mlimi alibe kolowera, ndipo mwina lole ina sibweranso sabata ino. Amatchula mtengo wake, amatulutsa thumba lake losokerera pamwamba, mlimi n'kuvomera. Si kuti mavenda onse ndi akuba. Nayenso wamaliza matayala pamsewu woipawo, ndipo ndalama yake amaichotsa pa mlimi.

Mpeni wake ndi wakuthwa konsekonse. Feteleza, mbewu, mchere, sopo, malata, simenti, zonse zimakwera mtengo zikamalowa kumudzi, pomwe zokolola zimatsika mtengo pa njira yomweyo zikamatuluka.

Onani fodya kuti muone kusiyana. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene fakitale yake ili mumzinda wa Tete, ili ndi misika yake m'maboma olima fodya monga Angónia, Macanga ndi Chifunde, ndipo kuchoka pamenepo mabelo amayenda pa dongosolo la kampani. Alimi amadandaula za mitengo ndi magiredi chaka ndi chaka, koma amabwererabe ku fodya, mwa zina chifukwa njira yake yotulukira ndi yodziwika.

Bwanji anthu a m'malire amakonda kupita ku Malawi kapena ku Zambia m'malo mwa ku Tete?

Phazi limapita kufupi. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 40, pomwe ku Tete ndi oposa 200. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 wa Malawi umayenda m'malire mwenimweni, moti pa msika wa Lizulu tsidya lina la msewu ndi Malawi, linalo ndi Mozambique, ndipo maminibasi amadutsa tsiku lonse. Chilankhulo n'chimodzi, mafumu ndi pachibale, ndipo ambiri a ife tinakhalako kumeneko pothawa nkhondo imene inatha mu 1992. Anthu a ku Chifunde ndi Marávia amachita chimodzimodzi ndi misika ya ku Zambia monga Katete.

Koma nako kuli zake. Wogulitsa ku Malawi amalandira makwacha, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali nayo m'thumba anadzuka itachepa mphamvu. Komanso chitupa cha BI, kalata ya kubadwa kwa mwana, mlandu wa kukhoti, izi sizipezeka ku Lizulu. Zimafuna ulendo wa ku Ulónguè, kapena wa ku Nyungwe ndithu, monga akuluakulu amautchulira mzinda wa Tete.

Anthu amene anasamutsidwa chifukwa cha migodi ya malasha anamangiridwa nyumba. Bwanji ankadandaula za mayendedwe?

Chifukwa anthu anasamuka, msika n'kutsala. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti itsegule mgodi wa Moatize. Oposa 700 anapita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize. Ena, osamutsidwa chifukwa cha mgodi wa Benga, anapititsidwa ku Mualadzi, kufupi ndi komweko. Ambiri a anthuwa kale ankakhala pafupi ndi tauni ndi mtsinje wa Revúbuè. Ankaumba njerwa, kuotcha makala, kugulitsa nkhuni ndi ndiwo zamasamba, kupalasa njinga kukafika pamsika n'kubwera tsiku lomwelo. Malonda otere phindu lake n'laling'ono, limaoneka pokhapokha ulendo ukakhala wa miyendo yako. Ukaikapo ya shapa popita ndi pobwera, lonse lathera m'manja mwa kobradolo.

Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji imene sitima za malasha zimadutsa, podandaula za nyumba zong'aluka, minda yosabereka ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Mgodi wa Moatize unagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, mtunda wa ku Cateme ukadali womwe uja. Ine ndimati posamutsa anthu, kufupi kwa msika kuziwerengedwa ngati chuma chotayika, mofanana ndi mtengo wa mango kapena khola la mbuzi.

Mumzinda wa Tete zinthu zili bwinoko, si choncho?

Bwinoko, inde, poti magalimoto alipo. Koma mzindawu Zambezi anaudula pakati. Maofesi, chipatala chachikulu ndi masitolo ambiri zili tsidya lina; Matundo ndi Chingodzi zili tsidya linalo; Moatize makilomita pafupifupi 20 kutsogolo. Malo otsika mtengo omanga kapena ochita lendi ali kumapeto kwa mzinda, ndiye mlonda, wantchito wa m'nyumba ndi mayi wa pamsika ndi amene amayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku. Ndipo kuyenda wapansi ku Tete mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kutapitirira madigiri 40, musakuyerekeze ndi kuyenda kwathu kumapiri.

Pali chizolowezi china choipa, chodula njira. M'mawa ndi madzulo anthu akachuluka, kobradolo amalengeza kuti galimoto ithera pakati panjira. Mutsike, mukwere ina, mulipirenso, pena ndi yomweyo itangotembenuka. N'zoletsedwa, koma munthu amene akuchedwa kuntchito sakangana.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Mkulu wa boma la Tete, José Maria Mandere, anamwalira galimoto imene anakwera itakokoloka pa mtsinje womwewo. Magalimoto anayamba kuzungulira ku Kassuende. Wa galimoto yake anangoonjezera mafuta. Wodalira shapa ndiye anaumva ulendo wa kuntchito ukutalika m'mawa uliwonse.

Njinga zamoto zathetsa vuto kapena zabweretsa lina?

Mukandikakamiza kusankha, ndinena kuti zathandiza kwambiri kuposa kuononga. Mota imafika pomwe shapa sinafikepo chiyambire. Ndi foni, makamaka Movitel itayamba kufalitsa netiweki kumidzi mu 2012, mukhoza kuitana wamota pakati pausiku akutengereni wodwala. Anyamata ambiri amene akanaswera pa bawo akudyetsa mabanja ndi ntchito imeneyi.

Koma ndi yodula, ndipo ngozi zake n'zoopsa. Oyendetsa ambiri anaphunzirira pa bwalo la mpira, laisensi alibe, chipewa choteteza mutu ngati chilipo n'chimodzi, pampando anthu atatu ndi thumba. Mlimi akathyoka mwendo mu Disembala, banja lonse lakolola njala.

Kodi eni mashapa si adyera chabe? Mtengo ukakwera sutsikanso.

Adyera alipo, koma tawerengani naye dalaivala. Mafuta onse amachokera kunja, ndipo kuchoka pa doko la Beira kudzafika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 600. Mtengo wake umalengezedwa ndi bungwe la ARENE, ndipo mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, unakwera kangapo. Magalimoto ambiri ndi akale ochokera ku Japan, msewu woipa umadya matayala ndi masipuling'i. Pali msonkho wa pa mageti a msewu, pali wa laisensi, palinso ija amati refresco, ya chiphuphu yosiya panjira. Pamwamba pa zonsezi mwini galimoto amafuna ndalama yake yoikika madzulo aliwonse, zotsala ndizo za dalaivala ndi kobradolo. Kuthithikana, liwiro, kudula njira, zonse zimabadwira pamenepa.

Boma limadziwa kuti mtengo wa shapa ndi moto. Pa 5 Febuluwale 2008 anthu a ku Maputo anatseka misewu mtengo utakwezedwa, ndipo boma linabweza n'kuyamba kuthandiza eni magalimoto pa dizilo. Mitengo ya m'mizinda imakambidwa pakati pa boma, makhonsolo ndi mabungwe a eni magalimoto monga FEMATRO. Koma zoterezi zimathera pa galimoto yolembetsedwa ya m'tauni. Pikapu ya ku Furancungo ndi mota ya ku Dómuè mtengo wake umakambidwa pansi pa mtengo, malinga ndi matope a tsikulo.

Okalamba ndi olumala zimawathera bwanji?

Movutikira. Kukwera pikapu kumafuna miyendo ndi manja amphamvu, ndipo njinga ya olumala ena amailipiritsa ngati katundu, ena amangodutsa osaima. Agogo olandira thandizo la INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, malo olandirira akakhala kutali, gawo la ndalamayo latha asanafike kunyumba, makamaka ngati anafunika mdzukulu wowaperekeza. Ndalama ya pa foni, ya M-Pesa kapena e-Mola, imachepetsa maulendo komwe kuli netiweki ndi pokatapa.

Angakonze ndani, ndipo ayambire pati?

Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa ANE, bungwe la boma loyang'anira misewu, ndalama zake zimadzera ku Fundo de Estradas, ndipo ina yopita m'malire inaperekedwa kwa kampani ya Estradas do Zambeze imene imatolera msonkho. Misewu ya m'matauni monga Tete, Moatize ndi Ulónguè ndi ya makhonsolo. Timisewu ta kumidzi timayang'aniridwa ndi akuluakulu a pa boma. Malaisensi a oyendetsa ndi za INATRO. Dandaulo la msewu wa kwanu limayambira kwa amfumu ndi ku misonkhano ya uphungu ya m'dera, n'kumakwera.

Tsono maganizo anga. Anthu akamva za mayendedwe amafulumira kupempha mabasi kapena tara. Mabasi atsopano tawaonapo akulandiridwa ndi nthungululu, patapita zaka zochepa ali pa miyala kusowa zipangizo. Tara ndi wodula, sangafike mudzi uliwonse ife tikadali moyo. Chimene chimatsekera mudzi m'dzinja nthawi zambiri si msewu wonse, ndi malo awiri kapena atatu: kamtsinje kopanda mlatho, dambo lotitimira, chitunda choterera. Kamlatho ka simenti, mapaipi odutsitsa madzi, miyala pa dambo, izi n'zotsika mtengo, ndipo galimoto ya malonda imabwera yokha ikangodziwa kuti ibwerera. Mapikapu akakhala awiri pa njira imodzi, mtengo umayamba kumveka.

China ndi chija tinaona kwa a GAAC: ntchito izipita kwa anthu. A katemera, olembetsa ana obadwa kumene ndi ojambula ma BI akabwera pa tsiku la msika, mudzi wonse wasunga ya ulendo. Alimi nawo akaphatikiza matumba n'kuchita hayala lole imodzi, amakafika okha pa msika wa Kwachena ku Tete. Izi zimafuna kukhulupirirana, ndipo ndaonapo magulu abwinobwino akutha chifukwa cha msungichuma.

Ndili ndi ulendo wa ku Tete m'dzinja lino. Ndikonzekere bwanji?

Lawirirani. Mashapa oyamba ndiwo amadzaza msanga, ndipo maofesi a boma amatseka 15:30. Dzulo lake funsani wamota kapena amene wabwera kumene ngati mitsinje ikuwolokeka. Mtengo wa katundu mugwirizane musanakweze, osati pofika. Ya pobwerera isiyeni pa foni, musaiphatikize ndi ya m'thumba. Ngati n'kotheka zochita zonse zikhale za ulendo umodzi, chipatala, chitupa, feteleza, ndipo funsani anansi ngati pali chowatengera. Tengani madzi akumwa ndi chofunda, poti kogona simukukudziwa. Mukapeza madzi akusefukira pamwamba pa mlatho, tsikani, ngakhale dalaivala anene kuti amadutsa pomwepo tsiku lililonse. Dikirani aphwe, ngakhale mugone tsidya lomwelo.